NDEMANGA: Ufulu wathu umagona m'kabati ya kalaliki wa khothi

Amalawi anzathu, inu amene munalowapo m'khothi la majisitireti, kaya pa mlandu wanuwanu kaya kungoperekeza mbale, takumbukani bwino: kodi woyamba kulankhula m'chipinda muja anali yani? Sanali majisitireti ayi. Sanalinso loya, poti milandu yambiri ya anthu wamba imayamba mpaka kutha loya osapondamo phazi. Anali bambo kapena mayi uja wokhala patebulo laling'ono m'munsi mwa mpando wa woweruza, mafailo ataunjikana patsogolo pake. Ndiye amaitana dzina lanu, ndiye amakuuzani mlandu m'chinenero chanu, ndiye amakulumbiritsani, ndipo mlandu ukaimitsidwa ndi yemweyo amene mumamuthamangira pakhonde kukafunsa kuti, "Bwana, ndiye akuti tibwerenso liti?" Munthu ameneyu ndi kalaliki wa khothi. Dzina lake silituluka m'nyuzi, pawailesi salitchula, ndipo andale akamalonjeza chilungamo pamisonkhano yawo samukumbuka n'komwe. Ife a nyuzi ino tikuti nthawi yakwana yoti timukambe.

Chatiyambitsa nkhaniyi ndi kamkangano komwe tinakamva pa mwambo wina wa chinkhoswe pakati pa akuluakulu awiri. Wina anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi nakakhala zaka zambiri ku America, winayo sanachokepo. Wobwera kunja uja ananena monyada kuti mdzukulu wake wamaliza maphunziro a zamalamulo ndipo tsopano ndi law clerk wa jaji wina kumeneko. Mnzakeyo anagwira pakamwa. "Pepani achimwene," anatero, "sukulu yonse ija n'kukathera ukalaliki?" Anatsala pang'ono kudana, pomwe onse awiri amanena zoona, kungoti mawu amodzi omwewo akutanthauza anthu osiyana. Kunena zoona, pali anthu atatu amene timawaphatikiza m'dzina limodzi: wothandiza jaji kufufuza malamulo, kalaliki wa mu ofesi ya loya, ndi kalaliki wa khothi amene tayamba naye uja.

Tiyambe ndi mdzukulu wa ku America, kuti agogo ake agone tulo. Kumeneko dzinali limanena mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza kumene sukulu ya uloya ndipo wakhoza koposa anzake, n'kutengedwa ndi jaji kuti amuthandize kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Ku Supreme Court ya dzikolo mwambowu anauyambitsa ndi jaji Horace Gray mu 1882, ndipo poyamba ankalipira mnyamatayo ndi ndalama za m'thumba mwake. Masiku ano jaji wa bwalo limenelo amakhala ndi othandiza anayi. Chaka chilichonse kumafika madandaulo zikwizikwi ofuna kuti bwalolo liwamve, koma omwe limamva safika ndi 100 omwe, ndipo oyamba kuwerenga mulu wonsewo ndi kulemba mwachidule kuti ili n'lofunika, ili ayi, ndi achinyamata amenewa. Amafufuza zigamulo zakale, amakangana ndi bwana wawo pa tanthauzo la lamulo, ndipo nthawi zambiri amalemba chigamulo koyamba kuti jaji adzachikonze. Ntchitoyi ndi khomo la maudindo akuluakulu. John Roberts, yemwe anakhala mkulu wa majaji mu 2005, anayamba ngati wothandiza wa William Rehnquist, ndipo Ketanji Brown Jackson atalowa m'bwalolo mu 2022 anakhala pampando wa Stephen Breyer, bwana wake wakale. Ku South Africa nako, bwalo la Constitutional Court lomwe linayamba kumva milandu mu 1995 linatengera njira yomweyi. Ndiye agogo aja anali ndi chifukwa chonyadira.

Komabe pali nkhani ina ya Rehnquist yemweyo yomwe tiyenera kuikumbukira tisanayambe kuombera m'manja chilichonse chochokera kunja. Mu 1952, ali wothandiza wa jaji Robert Jackson, analemba kalata ya mu ofesi yonena kuti chigamulo cha 1896 chomwe chinaloleza kusiyanitsa azungu ndi anthu akuda chinali cholondola ndipo chisasinthidwe. Mwamwayi bwalolo silinatsate maganizo amenewo, ndipo mu 1954 majaji onse, kuphatikizapo Jackson, anagamula kuti tsankho m'sukulu za boma n'losemphana ndi malamulo. Kalata ija inadzatulukira mu 1971 pomwe Rehnquist ankafuna ujaji, ndipo iye anadzikanira kuti amangolemba maganizo a bwana wake. Akuluakulu anati mlandu suola. Koma phunziro lathu apa ndi lakuti munthu wokhala kuseri kwa jaji, amene anthu sanamuone ndipo sanalumbire pamaso pa dziko, angathe kukankhira chigamulo mbali yomwe iye akufuna. Kuno kwathu tonse timadandaula kuti zigamulo zimachedwa, ena amadikira zaka mlandu utatha kale kumvedwa, ndipo ife tikugwirizana ndi onse amene akuti achinyamata omaliza uloya azithandiza majaji athu kufufuza. Koma chigamulo chikhale cha jaji. Amene analumbira ndi iyeyo, ndipo zikalakwika tidzafunsa iyeyo.

Wachiwiri uja, kalaliki wa mu ofesi ya loya, sitichedwa naye. Ndi amene amayenda ndi mapepala pakati pa ofesi ndi khothi, kukapereka zisamani, kukadinditsa makalata, kukumbutsa bwana wake masiku a milandu. Ambiri amadziwa kayendedwe ka mapepala kuposa loya wongoyamba kumene. Koma si loya. Malamulo a dziko lino salola munthu yemwe sanavomerezedwe ndi khothi ngati loya, ndipo alibe chiphaso, kuti aziimira anthu pa milandu n'kumalandira malipiro. Choncho mukakumana ndi njonda ya jekete ndi chikwama pansi pa mtengo wa pakhothi ikunena kuti "ndine wa kwa loya, ingondipatsani kangachepe ndikutulutsireni mbale wanu," dziwani kuti mwakumana ndi dobadoba. Ngati mulibe ndalama ya loya, kuli Legal Aid Bureau yomwe inayamba ntchito mu 2015, ndipo m'ndende ndi m'mapolisi mumayenda alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI omwe ntchito yawo inayamba mu 2000. Amenewo ndi odziwika ndipo ali ndi kowapeza.

Tsopano tibwerere kwa mwini nkhani.

Mlandu uliwonse m'dziko muno, waung'ono kapena waukulu, umakhala ndi thupi, ndipo thupi lake ndi failo. Tsiku lomwe apolisi abweretsa munthu, kapena inu mwapita kukasuma mnzanu pa ngongole, kalaliki amatsekula failo, kuipatsa nambala ndi chaka, kuilemba m'kaundula, kudinda tsiku pa pepala lililonse lolowamo. Muli mlandu womwe munthu akuimbidwa, zomwe anayankha, umboni womwe majisitireti walemba ndi dzanja lake, makalata a belo, malisiti a chindapusa, ndi chilolezo chosungira munthu kundende. Ndi kalaliki amene amakonza mndandanda wa milandu ya tsikulo, ndi iye amasunga katundu wa umboni, kaya ndi chikwanje kaya ndi njinga yobedwa. Munthu akafuna kuchita apilo, zonse zomwe zinanenedwa m'khothi laling'ono ziyenera kusonkhanitsidwa ndi kutumizidwa ku High Court, ndipo jaji wa kumeneko, yemwe sanaone nkhope ya mboni ngakhale imodzi, adzaweruza potengera zomwe zili m'failomo basi. Zomwe sizinalembedwe, kwa iye sizinachitike.

Ganizirani tsono tanthauzo la mawu atatu omwe Amalawi ambiri awamvapo pawindo la ofesi ya khothi: "Failo yanu sikuoneka." Kwa munthu wa pabelo mawuwa akutanthauza ndalama ya minibasi yotayika ndi tsiku la ganyu lopita pachabe. Kwa mayi wosuma mwamuna pa chithandizo cha ana akutanthauza mwezi wina wa njala. Koma kwa munthu amene ali pa limandi ku Maula, ku Chichiri kapena ku Zomba akutanthauza kuti wakwiriridwa wamoyo. Dzina lake silingalowe pamndandanda chifukwa palibe failo, majisitireti sangamuitane chifukwa sakudziwa kuti aliko, ndipo a ndende sangamutulutse chifukwa palibe kalata. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48 ndipo mlandu wake uzengedwe m'nthawi yoyenera. Malamulo a kazengedwe ka milandu atasinthidwa mu 2010 anaikanso malire a masiku osungira munthu mlandu usanayambe, masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha. Mawu okoma kwambiri. Koma woti awerenge masikuwo ndani, ngati pepala lolembapo tsiku loyamba lili pansi pa mulu womwe chiswe chikudya?

Wina asanene kuti tikukokomeza. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, High Court inagamula kuti n'kulakwa kukakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha osayang'ana mmene zinthu zinakhalira. Izi zinatanthauza kuti onse omwe anapatsidwa chilango chimenecho motero anayenera kubwereranso kukhothi kuti chilango chawo chiunikidwenso. Ntchitoyi inadzayamba mwamphamvu mu 2015, patapita zaka zisanu ndi zitatu, ndipo akaidi oposa 150 anamvedwanso. Chomwe maloya anakumana nacho n'chochititsa manyazi: mafailo a ambiri mwa anthuwa anali atasowa, ena onse, ena mbali yake. Anthu oweruzidwa kuti anyongedwe, boma lomwe linafuna kuwanyongalo osatha kuonetsa pepala lonena zomwe mboni zinanena! Zinatengera alangizi a zamalamulo kuyenda m'midzi kukafunsa mafumu ndi achibale kuti nkhani iumbidwenso, ndipo majaji anachita bwino kukana kuti kusowa kwa failo kukhale chilango china pa mkaidi. Ambiri anatuluka. Koma tidzifunse: ngati failo ya munthu woyembekeza chingwe ingasowe, nanga ya mnyamata woba nkhuku ku Ndirande ingalimbe bwanji?

Inu amene munabwera kuchokera ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare ndi ku London, nkhani ya mapepalayi mukuidziwa kuposa ife ana a dzulo. Ulamuliro wa chipani chimodzi unkadana ndi failo. Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuimbidwa mlandu uliwonse, ndipo anthu ngati iye analipo ochuluka. Popanda mlandu palibe nambala, popanda nambala palibe kalaliki, popanda kalaliki palibe pofunsa. Ndiye pomwe boma linkafuna kuti anthu aone ngati pali chiweruzo, linali ndi makhothi ake. Makhothi a mafumu anayamba kale mu 1933 nthawi ya atsamunda, ndipo kuyambira pamenepo mnyamata wa ku mishoni wodziwa cholembera anakhala munthu wofunika pabwalo la mfumu. Koma mu 1969, dziko lili ndi mantha ndi kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, boma la Dr Banda linasintha lamulo n'kupatsa makhothi a miyambo mphamvu zozenga milandu yakupha, ndipo pambuyo pake ngakhale youkira boma. Majaji achizungu a High Court anatula pansi udindo. M'makhothi amenewa loya sankaloledwa kulowa. Ndi kumeneko komwe Albert Muwalo anaweruzidwa mu 1977, ndipo ndi kumeneko komwe Orton Chirwa, Mmalawi woyamba kukhala loya, pamodzi ndi mkazi wake Vera, anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Bwalo la apilo la makhothi omwewo linadzudzula zambiri za mmene mlanduwo unayendera, komabe linasiya chigamulo chili chomwecho. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992, Vera anatuluka mu January 1993.

M'makhothi amenewonso munali akalaliki. Sitikuwaimba mlandu, poti nthawi imeneyo munthu ankasamala pakamwa ndi cholembera chomwe, ndipo ana ake ankafuna nsima ngati ana a wina aliyense. Tikungonena kuti nkhanza za boma sizichitika ndi mfuti zokha. Zimafunanso munthu wolemba zomwe wauzidwa ndi kusiya zomwe wamva. Titavota pa 14 June 1993 n'kusankha nyali, makhothi aja anaimitsidwa, ndipo malamulo atsopano a 1994 sanawapatsenso malo otero. Malamulo omwewo anakhazikitsa bwalo lopepesa anthu omwe anazunzidwa, kulandidwa katundu ndi kuthamangitsidwa. Amene munapitako mukudziwa funso lomwe linali pakhomo: muli ndi umboni wanji? Munthu wotengedwa usiku ndi apayoniya akautenga kuti umboni? Bwalolo linatsekedwa anthu zikwizikwi asanalandire kanthu, ndipo mu 2017 ofesi ya Ombudsman inali ikudandaulabe za nkhani yomweyo. Ndiye tikamati failo ndi ufulu, sitikunena zongopeka.

Pali ntchito ina ya kalaliki yomwe ife tikuiona kuti ndiyo yoopsa koposa, ndipo anthu saiganizira. Chinenero cha khothi m'dziko muno ndi Chingerezi. Majisitireti angakhale Mchewa wa ku Dowa, wozengedwa mlandu Mchewa wa ku Dowa konko, koma zolembedwa zimalowa m'failo m'Chingerezi, ndipo m'makhothi ambiri a majisitireti womasulira ndi kalaliki yemwe uja. Gawo 42 lija limati munthu azengedwe mlandu m'chinenero chomwe akumva, apo ayi boma limupezere womasulira mwaulere. Chabwino. Koma kumasulira si kungotembenuza mawu ngati chitumbuwa m'mafuta. Mnyamata akuti, "Njingayo ndinatengadi." Akufuna kupitiriza kuti mwini wake ndi msuweni wake ndipo amabwerekana masiku onse. Womasulira wotopa, yemwe mlandu uwu ndi wa khumi ndi chisanu chiyambire m'mawa, akhoza kuuza majisitireti kuti munthuyu wavomera. Kutenga ndi kuba ndi zinthu ziwiri, ndipo pakati pake pali zaka za ukaidi. Gogo wa kumudzi akafunsidwa ndi munthu wa tayi kuti "mwamva mlandu wanu?" amayankha kuti "inde bwana" chifukwa cha ulemu, osati chifukwa wavomera kuti analakwa. Mboni ikati "mchimwene wanga", kodi ikunena wobadwa naye bere limodzi kapena mwana wa abambo ake aang'ono? Pa mlandu wa malo a makolo kusiyana kumeneko ndi mlandu wonse. Ikati "zinachitika dzana", kodi ndi masiku awiri apitawo enieni, kapena ikungotanthauza posachedwapa monga timalankhulira? Lamulo limati khothi lisanalembe kuti munthu wavomera mlandu litsimikize kuti iye akumvetsa chomwe akuvomera ndi zotsatira zake. Koma khothi limatsimikiza kudzera pakamwa pa yani?

Ndipo apa tangonena za Chichewa. Nanga Mtumbuka wa ku Rumphi wogwidwa ku Limbe, Myao wa ku Makanjira, Msena wa ku Nsanje, Mngonde wa ku Karonga? Mu 1968 chipani chinalamula kuti Chichewa ndicho chinenero cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi mpaka 1994, ndipo maganizo akuti Mmalawi aliyense amamva Chichewa anakhazikika m'maofesi mpaka lero. Kumva Chichewa chogulira tomato pamsika n'kosiyana ndi kumva Chichewa chodzitetezera pa mlandu wa zaka khumi ndi zinayi. Nanga osamva ndi osalankhula? M'maiko ena kumasulira m'khothi ndi ntchito payokha, ya maphunziro ake ndi mayeso ake. Ife tamusenzetsa munthu mmodzi kaundula, katundu wa umboni, mndandanda ndi malilime a dziko lonse, kenaka n'kumadabwa akaphonya.

Tisanamizane, alipo akalaliki ena amene asandutsa windo la khothi kukhala okala. Failo imasowa Lolemba n'kupezeka Lachiwiri mwini mlandu akatulutsa "ya fanta". Ina imasowa chifukwa mbali inayo yalipira kuti isowe. Tsiku la mlandu limasunthidwa mwakachetechete kuti mboni yochokera kutali itope n'kusiya. Chindapusa chimalandiridwa popanda lisiti. Wolemba ndemanga ino anaperekezapo azakhali ake kanayi konse ku khothi lina pa nkhani ya nyumba ya malemu amuna awo, ndipo maulendo onse anayi yankho linali limodzimodzi, mpaka tsiku lomwe munthu wina pakhonde anawanong'oneza kuti "mayi, simukudziwa mmene zimayendera?" Anakana kupereka, ndipo failo inadzaoneka patatha miyezi isanu, alamu awo atagulitsa kale malata. Chovuta n'chakuti munthu wotereyu ali ngati khoswe wokhala pamkhate: ukamunenera, failo yako ili m'manja mwake momwemo. N'chifukwa chake ambiri amangolipira n'kukhala chete. Mu 2024 dziko lonse linatekeseka ndi nkhani za ziphuphu m'makhothi, ndipo maso a anthu anali pa majaji ndi maloya. Zinayenera kutero. Koma munthu wamba sakumana ndi jaji wa Supreme Court. Katangale amene iye amamudziwa ndi wa pawindo.

Tikatero tisaiwale mbali inayo, chifukwa ndiyo yaikulu. Wolemba yemweyu sanamalize ku yunivesite, ndipo malamulo ochepa omwe akudziwa anawatola pabenchi ya atolankhani. Mphunzitsi wake woyamba anali kalaliki wina wachikulire wa malaya otha kolala, yemwe ankafika ofesi isanatsekulidwe, ankasoka mafailo ong'ambika ndi ulusi wogula yekha, ndipo tsiku lina anakumbutsa majisitireti mwaulemu kuti mnyamata wina wa pa limandi sanaonekere miyezi itatu. Mnyamatayo anatuluka sabata yomweyo. Palibe anamuthokoza mkuluyo, ndipo anapuma ntchito akukhalabe m'nyumba ya lendi. Anthu otere alipo ambiri m'makhothi a m'maboma, komwe denga limadontha, mapepala amatha, ndipo kabati yosungira mafailo ilibe loko. Mphamvu yawo tinaiona mu 2012 pomwe ogwira ntchito m'makhothi ananyanyala kwa miyezi yoposa iwiri: zitolokosi za apolisi zinadzaza mpaka anthu kugona choimirira, ndipo palibe mlandu womwe unayenda. Zinachitikanso kumapeto kwa 2014, n'kudzabweranso mu 2017 pa nkhani ya ndalama za nyumba. Nthawi zonsezi boma limayamba ndi kuopseza, kenaka kulonjeza, kenaka kuiwala. Ife sitikondwa ndi sitalaka yotsekera anthu osalakwa m'zitolokosi, ndipo tikuwauza abale athu a m'makhothi mosabisa kuti wovutika pa mkangano wawo ndi boma amakhala mphawi. Komanso boma lomwe limapeza ndalama za galimoto zatsopano za nduna chaka ndi chaka lisatiuze kuti lasowa ndalama yolipira munthu wosunga makiyi a ufulu wa anthu.

Ena akuti mankhwala ake ndi kompyuta, kuti zonse zikalowa m'makina failo sidzasowanso. Tikuvomereza kuti zingathandize, makamaka ngati munthu angathe kuona pomwe mlandu wake wafika osapempha chifundo kwa wina aliyense. Koma makina salemba okha. Takumbukani chisankho cha 2019. Mapepala a zotsatira analipo, zidindo zinalipo, makompyuta analiponso, koma panapezeka manja opaka Tipp-Ex pa manambala. Majaji asanu aja atakhala tsiku lonse pa 3 February 2020 akuwerenga chigamulo chothetsa chisankhocho, chomwe chinawathandiza chinali chakuti mapepala ofufutidwawo anasungidwa ndipo anafika pamaso pawo monga analili. Panali anthu osatchuka omwe analandira mitokoma ya umboni ija, kuilemba m'kaundula ndi kuiyang'anira miyezi yonse ya mlanduwo, pomwe mbali zonse zinali ndi chifukwa chofunira kuti pepala lina lisaoneke. Tinavina m'misewu kutamanda majaji, ndipo anayeneradi. Za osunga mapepala aja palibe anaimbapo nyimbo.

Nanga tikufuna chiyani? Choyamba ndi cha inu awerengi, ndipo sichilira ndalama. Mukakhala ndi mlandu, lembani nambala ya failo ndi chaka chake penapake posatayika, lembani tsiku lililonse lomwe mwauzidwa kubwera, ndipo musapereke ngakhale tambala popanda lisiti la boma. Wina akakuuzani kuti failo yasowa, pemphani mwaulemu kuonana ndi majisitireti wamkulu wa pamalopo, ndipo zikakanika lembani kalata kwa Rejisitala wa High Court, kwa Ombudsman kapena ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, n'kusunga kope lanu. Munthu wa kalata amaopedwa kusiyana ndi munthu wa misozi. Inu a mabungwe ndi a mipingo amene mumakonda misonkhano ya ku nyanja yokamba za ufulu wachibadwidwe, tatumizani munthu mmodzi azikakhala pabenchi ya khothi la majisitireti Lolemba lililonse ndi kope m'manja, angomvetsera mmene akumasulira.

Kwa akuluakulu a makhothi tili ndi mawu olemererapo. Kumasulira kukhale ntchito yophunziridwa ndi yolipidwa payokha, ndipo pasapezeke Mmalawi wovomera mlandu m'chinenero chomwe amangochimva mwa apo ndi apo. Failo iliyonse ikamachoka m'manja mwa wina kupita kwa wina pazikhala posaina, kuti ikasowa tizidziwa dzanja lomaliza kuigwira, ndipo mwini dzanjalo ayankhe, kaya ndi mesenjala kaya ndi jaji amene anapita nayo kunyumba n'kuiiwala m'galimoto. Kalaliki wokhulupirika akhale ndi njira yokwerera, ngakhale yokaphunzira umajisitireti kapena uloya, kuti asaone ngati kukhulupirika ndi uchitsiru.

Ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chingachitike mwezi uno popanda kudikira bajeti kapena thandizo la azungu. A Rejisitala atumize anthu kundende zonse za dziko lino ndi mndandanda wa omwe ali pa limandi, dzina ndi dzina, ndipo pa dzina lililonse kalaliki wa khothi lomwe linamutumiza munthuyo aonetse failo yake patebulo. Omwe mafailo awo apezeka apatsidwe tsiku. Omwe mafailo awo sapezeka atengeredwe pamaso pa jaji sabata yomweyo, ndipo chiwerengero chawo chilengezedwe poyera, khothi ndi khothi. Nyuzi ino idzasindikiza chiwerengerocho patsamba loyamba, ndipo tikapanda kuchilandira tidzafunsanso.